Bibiana Sadzafikanso

New Bedford, Januwale 1929

Okondedwa achemwali Zulmira,

Kaya muli bwanji kwathu pachilumba cha Brava? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, poti mukudziwa kuti ndimayenera kubwera pa chombo chathu chija, Bibiana. Sindinakwere. Titatsala pang'ono kunyamuka ndinagwa padoko n'kuthyoka mwendo, ndipo ndinatukwana tsiku lonse, osadziwa kuti ndikutukwana mwayi wanga.

Achemwali, Bibiana anamira.

Inu munkangochiona chombocho chikulowa padoko la Furna chitapakidwa utoto. Ine ndinkachidziwa mpaka kunsi. Chisanakhale chathu chinanyamula matabwa, malasha ndi miyala ya anthu a ku Maine mpaka kukalamba. Eni ake atachitaya pamatope, kaputeni wathu Nho Quirino anachigula, ife n'kumata ming'alu yake ndi phula. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusoka matanga ake, chigamba pamwamba pa chigamba. Quirino ankandinena kuti ndine telala wa nkhalamba. Ine ndinkamubwezera kuti telala ali bwino, iye ndiye mwamuna wake wa nkhalambayo, poti kwa mkazi wake weniweni ankangokhalako mwezi umodzi pachaka.

Chatiphetsa ndi kudikira. Timayenera kunyamuka mu Seputembala, koma anthu athu anali asanamalize kutola zipatso m'madambo a ku Cape Cod. Ndani angamusiye mnzake wa pachilumba amene akufuna kukadyera Khirisimasi kwawo? Aliyense ankabwera ndi mgolo wake wa zovala n'kupempha kuti tidikireko mlamu wake, mlamuyo nayenso ali ndi msuweni. Quirino kukana sankakudziwa. Ananyamuka mu Novembala, nyengo ya namondwe, chombo chitalemedwa.

Sitima ya ku Norway inatola ochepa okha m'kabwato. Mmodzi wa iwo ndi Lela, wophika wathu. Wandiuza kuti matabwa a pansi anatseguka, anapopa madzi mpaka manja kutuluka magazi. Atamuitana Quirino kuti alowe m'bwato, anawakalipira kuti asiye kulira ngati mbuzi, agwire chingwe, iye akatenge kaye okalamba amene anatsala mkati. Sanatulukenso.

Tsopano ndimangokhala m'kachipinda kanga, mwendo uli pampando. Chisanu chaphimba zenera. Singano zanga zachita dzimbiri, chifukwa sitima za utsi sizifuna wosoka matanga, ndiponso palibe ina yopita kwathu chaka chino. Lela amabwera Lamulungu, timamwa khofi, kenako amapita. Ndasungulumwa, achemwali. Sindinadziwe kuti anthu onse amene ndinkacheza nawo kuno anali a m'chombo chimodzi.

Pempho langa ndi limodzi, koma ndi lolemera. Mabanja enawo abale awo awalembera. Quirino analibe mbale kuno, mbale wake ndinali ine. Mkazi wake, Nha Candinha, sakudziwa kanthu, ndipo sindingawatumizire pepala. Kwathu uthenga wa maliro umapita ndi mapazi a munthu. Mapazi anga ndinu.

Ndikudziwa kuti m'mawa uliwonse amakwera phiri la pamwamba pa doko kukayang'ana matanga a Bibiana panyanja. Chonde musakawauzire pamwambapo. Muwadikire atsike, alowe m'nyumba, akhale pansi. Muyale mphasa ya maliro ngakhale thupi palibe, ndipo musawasiye okha. Akafunsa chifukwa chake ine ndatsala, muwauze zoona, kuti nanenso funso limenelo landisowetsa tulo.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ku Nova Sintra ndi kwa ana anu onse. Amayi muwauze kuti mwana wawo akupuma, koma asandidikire padoko.

Ndatha ine mlongo wanu,
Belmiro