Chithunzi cha pakhoma la Madalitso

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku 25 tilipo, kungoti Amayi BP ikumawavuta chimwalirireni mng'ono wanu Madalitso.

Loweruka tinagawa katundu wake. Zovala zinapita kwa abale, mabuku a za ndege anatenga mnzake wa ku yunivesite. Chatsala ndi chithunzi chachikulu munamutumizira chija, cha mabatani a kutsogolo kwa ndege, chimene anamata pakhoma. Paja akabwera pa holide ankakhala pampando n'kumadina pepalalo uku akudzilankhulira, amvekere akuyeserera kunyamutsa ndege.

Alandilodi akufuna apente chipinda cha Madalitso chakuseri chija, alowetsemo wina. Ndiye dzulo masana ndinalowa ndi mpeni kuti ndichimatule. Achimwene, batani lililonse lili ndi chidindo cha chala chake, chodetsedwa ndi thukuta. Ndili chiimire choncho, ndege inadutsa pamwamba, malata n'kunjenjemera. Ndinangomva Amayi kumbuyo kwanga akuti, "Usakhudze, Tiya. Mwanangayo akadali m'mwamba, sanatere."

Mpeni ndinauika pansi.

Mpando wake ndinaukankhira pakona Loweruka lomwelo, koma lero ndaupeza wayang'ananso kukhoma. Amayi akuti si iwo, ndipo ndikuopa kuwafunsa kachiwiri.

Chonde muwaimbire alandilodi, atidikire mpaka mudzabwere pa Khirisimasi. Munatumiza ndinu, mudzamatule nokha. Ine manja akukana.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike