Mchere wa a Gaber

Lolemba, 13 Febuluwale

Lembani, a Terez. Musakonze mawu, lembani momwe akutulukira. Ine sindidzawerenga, mukudziwa, sukulu sindinaiponde. Bola zichoke pakhosi.

Eda, nthawi yobindikira ya mkazi wamasiye, yatha. Miyezi inayi ndi masiku khumi osaponda msewu chimwalirire amuna anga a Gaber. Lero ndakweza chitseko chachitsulo cha shopu yathu ya nsomba zokongoletsera m'nyumba. Cholemera. Kunja mvula, mphepo ya kunyanja, Alexandria yense chinyontho. Ndimayesa ndilira. Ayi.

Nsomba zilipo zonse kupatula ziwiri. Nthawi yonseyi ndinkatsikira masitepe a mkati, kudyetsa, Lachisanu kusungunula mchere wapadera wa madzi a nsomba ndi kusintha madzi monga ankachitira eni ake. Thanki yaikulu ili bwino, makorali, miyala yamoyo ya pansi pa nyanja ija, atambasuka. Basha, nsomba yachikasu ija, wanenepa. Zaka khumi ndi zinayi ali mmenemo. A Gaber ankati, "Zonse muno zili ndi mtengo, koma uyu ndi mwini shopu."

Mwana wanga Shawqi waimba ali ku Kuwait. Akuti mwezi uno ukatha shopu isakudzidyetsa yokha, ayiika pa lendi kwa wogulitsa mafoni. Ndati nanga makorali a bambo ako? Akuti, "Amayi, ndi miyala imeneyo."

Mitengo ili m'mutu. Zaka makumi atatu ndikutsitsa tiyi, makutu ali pululu. Mchere ndowa imodzi ankaoda mapaundi athu 1,150, kugulitsa 1,400. Phindu lochepa, koma umakoka anthu. Chakudya cha m'tizitini, theka lonse phindu. Nsomba kuwirikiza kawiri, chifukwa pa khumi zitatu zimafera m'njira ndipo zamoyo zimalipirira zakufa. Pansi pa masitepe ndowa khumi ndi zinayi. Ina yotsegula, yatsala theka.

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Woyamba kulowa a Dokotala Medhat, a mano aja. Pa maliro anakhala mpando wakutsogolo. Apepesa, aima pa Basha kanthawi monga mwa masiku onse, kenako afunsa mchere. Ndati 1,400.

Andiyang'ana. Akuti, "Hagga, mwati bwanji?" Hagga ndi ine, dzina laulemu. Ndabwereza. Atenga zisanu ndi imodzi. Atuluka foni ili kukhutu.

Pofika madzulo anthu asanu, ena nkhope zachilendo. Onse mchere. Palibe wonenerera ndi mmodzi yemwe. Mu Alexandria muno, munthu kugula osanenerera! Ndinati ndi ulemu wa maliro.

Inde, a Terez, munanena. Lembani kuti munanena, mtima ukhale pansi. Munati ulusi wa m'shopu mwanu wakwera, mazira akwera, paundi yagwa. Ine ndinati mchere unagulidwa kale, ukwera bwanji uli phee pansi pa masitepe?

Lachinayi, 16 Febuluwale

Ndowa zonse zatha. Ndalama m'chitini cha mabisiketi, chosatsekeka. Ndagula nyama theka la kilo, koyamba chichokere maliro. Sinakome. Sinaipenso.

Shawqi akuti, "Mwaona, Amayi, kodi bizinesi mumaitha?" Kuseka.

Mawa Lachisanu. Theka lija likwana mawa ndi Lachisanu linalo, basi.

Lamulungu, 19 Febuluwale

Ndakwera tramu, kasitima ka m'misewu, kupita kwa a Khalaf opikulitsa, chitini m'chikwama. Andipatsa mpando, tiyi. Ndati ndowa khumi ndi zinayi, monga ankatengera malemu.

Akuti 2,600 imodzi. Ndipo palibe. Katundu wagwidwa kudoko, madola osowa, mwina mwezi wa mawa.

Ndawauza mtengo womwe ndagulitsira. Atsitsa kapu. Akuti, "Hagga Nabawiya, mwadyetsa mzinda wonse sadaka osadziwa." Akuti a Gaber ankawaimbira m'mawa uliwonse asanatsegule, kufunsa dola yagona bwanji. Ine ndinkamva mtengo wouza kasitomala. Foni ija ndinkayesa ndi macheza a mpira.

Akutinso, "Phindu saliyeza ndi mtengo umene unagulira dzulo. Amaliyeza ndi umene ukagulire mawa." Ndiye kuti khumi ndi zinayi zasanduka zisanu ndi ziwiri. Zosaonekanso. Mpamba ndaudya ndi nyama yosakoma.

Pobwera tramu yodzaza. Nyanja ili apo, madzi amchere osatha, aulere. A Gaber anayesapo kale kutunga pagombe. Makorali anayera ngati mafupa sabata isanathe. Mafuta a sitima, zonyansa za mzinda.

Mapazi atupa. Lekezani pomwepo.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Masiku awiri sindinakuitaneni. Panalibe choti mulembe. Wogula mmodzi, kachitini ka chakudya. Ndawonjezera mapaundi makumi asanu pakamwa pomwepo, walipira osadandaula. Ndiye kuti ndachepetsabe.

Ndapita kuchipatala cha mano. Ndadikira pamzere ngati wodwala. Ndati a Dokotala, mundibwezereko ndowa ziwiri, ndalama zanu izi. Ndafotokoza za thanki, za Shawqi.

Akuti, "Hagga, ine ndinafunsa kawiri. Munanena nokha." Zoona. Anafunsa kawiri.

Kenako akuti, "Koma Basha uja, mukamuganizira, tikhoza kukambirana." Zaka zisanu akhala akumufuna. A Gaber ankawayankha kuti, "Dokotala, zulani mano, nsomba isiyeni."

Ndatuluka osatsanzika. Fungo la mankhwala mpaka kunyumba.

Lachisanu, 24 Febuluwale

Ndakokota ndowa ndi supuni. Madzi asinthidwa. Omaliza.

Ndakhala pa mpando wa a Gaber mpaka mapemphero atha. Basha uku ndi uku, kujompha galasi. Sadziwa kanthu. Makorali aja a Gaber anayamba ndi kanthambi ngati chala, chaka chomwe Shawqi anayamba sukulu. Pano adzaza thanki. Osasintha madzi milungu itatu, inayi, ayamba kufa. Akafa, Basha naye sakhalitsa. Shopu yopanda mchere, anthu salowamo.

Musandiyang'ane choncho, a Terez. Ndolo ndinagulitsa kale pa matenda a Gaber aja. Ndipo ndalama si vuto, chitini chilipo. Mchere ndiye kulibe.

Lamulungu, 26 Febuluwale

A Dokotala ndinawaitanitsa dzulo. Anabwera dzulo lomwelo ndi ndowa yawo ya madzi ndi kaukonde, okonzeka kale. Atulutsa chikwama cha ndalama. Ndati mapepala ayi, a Dokotala, amasungunuka usiku. Mtengo wa Basha ndi mchere. Ndowa zisanu ndi imodzi.

Aseka. Akuti, "Hagga, mwaphunzira liti?" Ndati munandiphunzitsa ndinu, sukulu yake yodula. Akuti zitatu. Ndati zisanu. Tathera pa zinayi, ndipo anabweretsa okha mpaka pansi pa masitepe.

Kumugwira kunavuta. Anabisala kuseri kwa makorali, kaukonde akukadziwa. Mpaka ndinaika chakudya pa chala monga ankachitira a Gaber. Anabwera yekha.

Ziwiri za thanki, sizigulitsidwa. Ziwiri za pa shelefu.

M'mawa uno ndaimbira a Khalaf ndisanakweze chitseko. Inu munandisindikizira manambala, lembani zimenezonso. Akuti dola yagona bwino, koma mchere ukafika 2,700. Ndaika 3,300.

Kwabwera mnyamata wina wa ndevu, amene anagula ziwiri nthawi ya 1,400 ija. Wamva mtengo, wagwira mutu. Akuti, "Hagga, a Hagg Gaber sakanatero!" Ndati a Gaber anamwalira mu Okutobala, mwanangu, ndi mitengo yawo yomwe. Wanenerera mpaka thukuta. Walipira 3,200.

Shawqi sindinamuuze za Basha. Afunsa za ndalama zokha.

Madzulo ndatsika kukadyetsa. Ndaika chala m'madzi pakona paja. Ndaima. Madzi ofunda bwinobwino, pampu ikulira. Sindikudziwa ndinaima nthawi yaitali bwanji, mpaka chakudya chasungunuka chokha pa chala.

Ayi, musalembe kuti ndinalira. Sindinalire. Lembani 3,200.