Manja a Firmino

Lolemba, 6 Junho 2016, Moatize
Amuna anga aFirmino aimba ali padoko ku Beira. Nkhani ndi yomwe ija ya separadora, makina amene amayang'anira kunsi kwa sitima. Akuti mafuta a sitima ndi akuda, olimba ngati phula. Amayamba awatenthetsa, kenako amalowa m'mbale yachitsulo yozungulira mwamphamvu, madzi ndi zinyalala n'kukankhidwira m'mbali, oyera n'kupita ku injini. Tsopano makinawo akunjenjemera, ukaima pafupi mano amachita kugundana. Auza shefe, bwana wawo, iye wati akakonza ku Nacala.

"Mayi a Neide, ndikufuna nditsike konkuno, ndibwerere."

Ine n'kuti ndikukolopa fumbi la malasha, msana ukuwawa. Ndati, "Mubwere mudzatani? Ku mina, kumgodi wa malasha kuja, anakuchotsani, chipinda cha mwana chilibe denga. Amuna anzanu amapirira."

Angoti chabwino. Sindinafunse n'komwe ngati adya.

Lachitatu, 8 Junho
Zoti "amuna anzanu" zija sizikundichoka m'mutu. Ndayesa kuimba, sikulowa. Ali panyanja.

Loweruka, 11 Junho
Wandiimbira Rafael, mnzawo wa pasitima. Paipi ya mafuta otentha inathyoka polumikizira chifukwa cha kunjenjemera kuja, F. akuthamangira kukazimitsa makina. Anatchinga nkhope ndi manja. Nkhope yapulumuka, manja onse apsa. Agonekedwa m'chipatala ku Nacala.

Rafael akuti, "Ku Beira anali atalongedza kale chikwama, mlamu. Sitinamvetse chomwe anachimasuliranso."

Ine ndikuchidziwa. Ndangoti zikomo potiuza.

Lamulungu, 12 Junho
Kutchalitchi azimayi andizungulira, kundipempherera ngati wopsayo ndine. Wina akuti ndine mkazi wolimba mtima. Ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Lachinayi, 16 Junho
Foni sangaigwire, namwino wachita kuwaikira pakhutu. Ndati pepani. Iwo, "Neide akupita ku shikola?" Ndati eya. Basi, namwino wati pali odwala ena.

Neide akufunsa ngati papa adzathenso kumukonzera njinga. Ndamutuma kukatunga madzi.

Lachitatu, 29 Junho
F. atuluka m'chipatala, ndipo afika dzulo. Osati kuno. Adzera ku Malawi, pamalire pa Zóbuè n'kutsika, ali kwa amayi awo. Ndamva kwa mlamu Teresinha, mlongo wawo, amene amaganiza kuti ndikudziwa kale. Ndanamizira kuti tinagwirizana choncho.

Ndinali nditachapa mabulangete, nditagula ndi nkhuku. Ikuyendayenda pabwalopo.

Lachisanu, 1 Julho, Zóbuè
Neide ndamusiya kwa aneba, ndakwera shapa, minibasi ya m'mawa. Kuno kukuzizira kwambiri. Njira yonse ndimakonzekera kukalipidwa, koma apongozi andilandira ndi manja awiri, "Mwana wanga, waonda ndi nkhawa." Ndiye kuti F. sanawauze. Zandiwawa kuposa akanandithamangitsa.

Ndawapeza kuseri kwa nyumba akuwothera dzuwa, manja okulungidwa nsalu zoyera ali pamaondo, ndevu zitamera mpaka m'khosi. Ndagwada. Zonse ndinakonza m'shapa zinabalalika, ndangoti, "Bambo a Neide, ndine ndinakubwezani m'sitima muja."

"Ndinamva zimene munanena," atero. "Ndinakwiya. Ndikadali wokwiya."

Ndadikira. Amayang'ana magalimoto a katundu atandanda kumalire.

"Dotolo akuti zala ziwiri za kumanja mwina sizidzapindikanso."

Ndalira, iwo sananditonthoze. Patapita nthawi akweza chibwano.

"Amayi amaopa lumo, Teresinha amanjenjemera. Ndevuzi zandiyabwa kokwana."

Lumo linali m'chikwama chawo, m'kati mwa malaya onunkhabe mafuta a sitima. Apongozi andipatsa madzi ofunda ndi sopo. Ndayambira pa tsaya la kumanzere, pang'onopang'ono. Atseka maso.