Madzi Ogona a Pansanjika Yachinayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa, kapena akutsimphinabe? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikugwira ntchito. Mtima ndi umene suli m'malo, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Pafoni paja ndimangoti tili bwino tili bwino, zenizenizo osanena.

Nkhani ndi ya mnzanu wa kusukulu uja, a Kwaya. Musaponye kalata pansi, ali moyo. Koma adwala kwambiri, ndipo lero ndi tsiku la khumi ndi chitatu ali m'chipatala. Mukudziwa kuti ndi iwo anandiitanira kuno, n'kukandiimika pamaso pa manijala wa hotela ino kuti mwana uyu mapaipi amawadziwa. Iwo amakonza m'zipinda, ine ndimasamala madzi. Ndipo ndi madziwo amene awagoneka.

Inu mumandinyoza kuti ntchito yanga ndi yotseka podontha basi. Ilipo ina imene sindinakuuzenipo. M'nyumba yaikulu ngati ino madzi amayenda mtunda wautali m'makoma. Akaima malo amodzi kwa masabata, ali ofunda, osatentha osazizira, mumaswana kachilombo kotchedwa lejonela. Kumwa madziwo si kumene kumadwalitsa kwenikweni. Choopsa ndi kupuma timadontho touluka ngati nkhungu tija munthu akatsegula shawa. Kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo chopha.

Ndiye Lolemba lililonse ndimazungulira ndi choyezera kutentha ndi buku. Madzi a m'thanki yotenthetsera asatsike pa madigiri 60, a pampope afike 50 mphindi isanathe, ozizira akhale ozizira ndithu. Chipinda chimene sichinagonedwe sabata yonse ndimalowamo n'kutsegula mipope kuti madzi ogonawo atuluke. Akukhitchini amandiseka kuti ndine munthu yekhayo padziko amene analembedwa ntchito yotaya madzi.

Miyezi inayi yapitayo anatseka nsanjika yachinayi kuti apente ndi kusintha matailosi. Omangawo anaika loko wawo pachitseko cha pamasitepe. Sabata yoyamba ndinapempha kiyi, anati muli fumbi ndibwere mawa. Yachiwiri, wosunga kiyiyo kunalibe. Yachitatu paipi inaphulika kochapira zovala, ndinatanganidwa. Kenako ndinangozolowera, Achemwali. Ndikafika pa loko uja ndinkangomugwedeza n'kutsika. Kwa manijala sindinapite kukanena. Mizere ya nsanjika imeneyo m'buku inangokhala yoyera. Paja amati zengerezu analinda kwawukwawu, koma amene wakwawa pano si ine.

Opentawo atamaliza, manijala anafuna zipinda zitseguke msanga chifukwa kunkabwera alendo a msonkhano. Tsiku limene loko anachoka ine anali atandituma kukagula zipangizo m'tauni. A Kwaya anakwera okha, mukuwadziwa sadikira kuuzidwa kawiri. Zipinda khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bafa lililonse kutsegula shawa yamoto kuti atsukuluze simenti pamatailosi, mawindo osatseguka chifukwa penti inawamata. Akuti madzi oyamba ankatuluka ofiirira ndi kafungo ka m'dambo, iwo n'kumati ndi dzimbiri chabe.

Patatha masiku asanu anayamba kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Anayesa malungo, anamwa mapiritsi n'kumabwerabe ku ntchito. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinawapeza atakhala pamasitepe, chokolopera chili pamiyendo, akupuma ngati awathamangitsa. Anandiyang'ana n'kundiitana dzina la malemu achimwene awo. Ine ndi mlonda wa pageti tinawanyamula mpaka m'galimoto ya hotela.

Dokotala anandifunsa ntchito imene amagwira. Nditatchula za mashawa a zipinda zotsekedwa anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anawayeza mkodzo n'kupeza kachilombo komweko. Anati matenda awo a shuga aja ndi amene anakapatsa mphamvu. Masiku anayi anali pa makina a mpweya, osadziwa amene walowa kapena watuluka.

M'mawa mwake atagonekedwa tinamva kuti kukubwera mayi wa zaumoyo kudzayeza madzi. Asanafike, kapitawo wanga anandikokera kuchipinda cha mathanki n'kundipatsa cholembera. Anati mizere yoyera ija mphindi khumi zikwana, ndizingosinthasintha manambala kuti asafanane. Si munthu woipa, ali ndi ana asanu, ndipo anali ndi mantha kuposa ine. Sindikubisirani, cholemberacho ndinachilandira. Ndinalemba 52 pamzere woyamba. Pamzere wachiwiri ndinaima. Ndinaganiza kuti mayiyo akakhulupirira buku akafunafuna kachilomboko kwina, pamene m'zipinda zomwezo mukugona anthu. Ndinakhwatcha nambala ija n'kutseka buku.

Mayiyo ndi wamfupi, wosachulutsa mawu. Anatsegula buku, chala chake chinapita pokhwatchapo, n'kufunsa kuti apa panachitika chiyani. Ndinamuuza zonse, za loko, za kugwedeza n'kutsika, ngakhale za nambalayo. Za kapitawo zokha sindinatchule. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma anangondipatsa bokosi la mabotolo otungira madzi okayeza kuti ndinyamule, ndimutsogolere kudenga.

Masiku awiri tinayenda nyumba yonse, kuyambira thanki ya padenga mpaka kumapampu a pansi. Tinapeza zinthu zimene ngakhale ine sindinkazidziwa. Kuseri kwa khoma omangawo anadula paipi n'kuitseka kumapeto, n'kuisiya ndi madzi ake osapita kulikonse. Paipi ya madzi ozizira inagundana ndi yamoto popanda chokutira, moti nditaigwira inali yofunda ngati mphumi ya mwana wodwala. Mitu ya mashawa titaimasula m'kati munali zoterera. Chilichonse mayiyo ankachilemba, ndipo ankandifunsa kuti ndikuganiza kuti tichite chiyani, ngati kuti si ine ndalakwa. Pochoka anandiuza kuti mlandu suli pa ine ndekha. Koma sananene kuti ndilibe.

Nsanjika ija anaitsekanso tsiku lomwelo. Tathira kolorini m'mapaipi onse, tayendetsa madzi otentha kwambiri mpope ndi mpope titavala zotseka pakamwa, paipi yakufa ija ndaidula ndi manja anga. Alendo onse amene anagona m'mwambamo anaimbiridwa foni, ndipo mpaka lero palibe wina wadwala. Zotsatira za madzi anakayeza aja zatuluka dzana, zatsimikiza kuti kachilomboko kanali m'mashawa amenewo. Sadzatsegula mpaka ayezenso kawiri.

Ine andipatsa kalata ya chenjezo koma sanandichotse. Manijala walamula kuti chitseko chilichonse chimene kuseri kwake kuli mpope, kiyi wake wina azikhala m'thumba mwanga. Moti pano ndikamayenda ndimalira ngati ng'ombe ya belu. Kapitawo sakundiyang'ana m'maso, koma Lolemba anazungulira nane zipinda zonse atanyamula choyezera, zimene sanachitepo chibwerere changa.

Dzulo masana ndinakawaona a Kwaya. Achoka pamakina, akukhala tsonga, phala akumwa okha. Aonda moti mphete aisamutsira chala chapakati. Matendawa sapatsirana, ndiye ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza zonse monga ndakuuzirani inu. Kenako anafunsa ngati atsikana amene amagwira nawo ntchito analowako m'mabafa aja. Nditati ayi, anati ndiye kuli bwino. Ndinadikira mawu ena, kaya ondikalipira kaya ondikhululukira, koma sanabwere. Anangoti ndiwakwezere pilo, ndipo pobwera mawa ndiwatengere juzi yawo kuntchito chifukwa m'wodimo mumazizira. Juziyo ili pano pampando, ndikaponya kalatayi ndipita nayo.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Amayi a mnzanuyo sakudziwa kanthu, ngakhalenso ana awo awiri amene akukhala ndi agogo awowo. A Kwaya akukana kuti tiimbe foni, akuti ndi kuthamanga magazi kwa amayi awo kuja angagwe asanamve n'komwe kuti munthu ali moyo. Koma kuno kuli anthu akwathu ambiri, ndipo nkhani ikayenda yokha imafika itamera nyanga. Chonde pitani nokha, musatume munthu. Mukakhale nawo pansi, muyambe ndi mawu akuti ali moyo ndipo akudya. Dokotala akuti akhoza kutuluka sabata yamawa, ngakhale kufooka kudzatenga miyezi. Mukawauze kuti palibe amene wawalodza kapena kuwathirira kanthu, ndiponso kuti akadzabwera kudzapuma anawo asawathawe.

Za ine musabise, Achemwali. Ndikukudziwani, mudzafuna kunditchinjiriza monga munkachitira ndikaswa mbale. Ulendo uno ayi. Mukanene kuti mlongo wanga anaona chitseko chotseka n'kubwerera, miyezi inayi. Akafuna kukalipa muwalole akalipe, ndipo mawu awo mudzandilembere onse osachotsapo ndi limodzi lomwe.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze mutabwerako kumeneko. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amuna awo, ndi kwa ana onse. Muwauze kuti amalume awo sanawaiwale, ndipo wamkuluyo alimbikire sukulu. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka mnzanuyo.

Ndine mlongo wanu,
Wamapaipi