Mfuti ya Njovu pa Chinkhoswe cha Madalo

South Bend, Indiana
12 Okutobala

Achimwene anga, bambo a Sophia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kupita kudimba, kapena mukungolamula anthu muli pakhonde? Nanga alamu anga, shuga wawo watsikako? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ndatha zaka zoposa makumi awiri ndikutembenuza nkhalamba za eni pabedi. Masamba ayamba kuyoyoka m'mitengo, ndipo galimoto yanga yayambanso kutsokomola ikamva kuzizira.

Kalatayi ndapatsira mayi Wanangwa a kumpingo kwathu, omwe akubwera kumudzi kudzaona amayi awo ndipo abwerera kuno pakatha masabata atatu. Ndikanatha kuimba foni, koma nkhani iyi ndikaiyamba pakamwa ndimakalipa, ndipo inu mukangomva mawu anga akwera mumanamizira netiweki. Ndiye muwerenge mpaka pansi, musadumphe.

Mukudziwa kuti chinkhoswe cha Madalo tinachiika Loweruka lomaliza la Novembala. Chimene simukudziwa ndi mmene ndinavutikira kuti mwanayu avomere. Anabwera kuno ali ndi zaka zinayi. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo poyamba ankati zofunditsana zitenje pamaso pa anthu ndi zisudzo. Ndinamunyengerera chaka chathunthu. Anavomera chifukwa cha ine, komanso chifukwa Kenan, mnyamata akumukwatirayo, ananena kuti m'banja mwathu akufuna kulowera pakhomo, osati pazenera.

Ndiye inu, osandifunsa n'komwe, munaimbira a Hamilton ku Lawrence n'kuwauza kuti akuimirireni ngati nkhoswe. Ndikumvetsa, ndi mwana wa mayi athu aang'ono, ndipo mwamuna wa kwathu kuno ndi yekhayo. Koma achimwene, a Hamilton munakula nawo. Mwaiwala kuti nkhukundembo ya abusa inawathamangitsa mpaka anakwera pankhokwe?

Zonse tinali titagwirizana kale. Akuchimuna abweretsa tambala, lichero, mthiko ndi chipande, ife thadzi, khasu, chikwanje ndi nkhwangwa. Nkhuku zamoyo ndinazipeza kwa alimi ena a kuno oyenda pangolo za akavalo. Zinthu zinasokonekera tsiku limene a Hamilton anapita kukadziwana ndi bambo a Kenan. Bambowa ndi mlenje weniweni, munthu wofatsa, wosachulutsa gaga m'diwa. Chaka ndi chaka iwo ndi Kenan amapita kumapiri a kumadzulo kukasaka agwape aakulu ngati ng'ombe, ndipo pabalaza pawo pali nyanga khoma lonse. A Hamilton ataona nyanga zija pakamwa panayabwa. Anauza eni nyumba kuti ife ndife mtundu wa alenje, ndipo iwowo anagwetsapo njati ziwiri ndi mfuti ya gogodela ya malemu bambo athu. Bambo athu ati? Bambo athu ankasula makasu pansi pa mango paja, ndipo utsi wokhawo umene anaudziwa ndi wa makala a pachipala.

Pochoka kumeneko anatuluka ndi nzeru zatsopano. Akuti kupereka nkhwangwa kwa munthu wa ku America n'kudzichotsa ulemu, poti kuno mitengo amadula ndi makina, tikaoneka ngati amphawi. Mkamwini mlenje apatsidwe mfuti. Ine zimenezi sanandiuze. Anangondiimbira kuti ndifike ku Indianapolis Loweruka tikashope katundu wa chinkhoswe. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kuyendetsa galimoto pafupifupi maola atatu, mndandanda wa zitenje uli m'chikwama. Kumene anakandiimitsa n'kusitolo ya mfuti, bambo a Kenan akutidikira pakhomo chifukwa a Hamilton anawapempha kuti adzathandize kusankha.

Chibadwire sindinalowemo m'malo otere. Mfuti zangoti ndanda pakhoma ngati makasu m'sitolo ya amwenye. Wogulitsa anali munthu waulemu, sindingamunamizire. Anafunsa kuti ndi ya nyama yanji, yowombera patali bwanji, ndiponso mwini wakeyo anazolowera mfuti yotani. Kenaka anatitsitsira ya mtundu umene alenje a nyama zikuluzikulu amakonda, yokhala ndi kachitsulo m'mbali konga bawuti wa chitseko. Ukawombera kamodzi umatukula kachitsuloko n'kukakokera kumbuyo, chigoba cha chipolopolo chimagwa, ukakakankhira kutsogolo chipolopolo china chimalowa. Anati imachedwerapo koma siikhumudwitsa, kaya ndi m'matope kaya m'chisanu, ndipo imaphunzitsa munthu kuganiza asanawombere. Pa agwape a kumapiri aja anati ya nambala 300 ndi yokwana, ndipo bambo a Kenan anavomereza ndi mutu.

A Hamilton sanaiyang'ane n'komwe. Anafunsa kuti yaikulu kuposa zonse ndi iti. Wogulitsa anatulutsa ya nambala 458, n'kuimika chipolopolo chake patebulo, chachitali ndi chonenepa ngati chala changa chapakati. Anati imeneyo ndi ya njovu ndi njati, ogula ake ndi anthu opita kukasaka ku Africa. A Hamilton anadziguguda pachifuwa, amvekere ndiko kwathu kumeneko, ikulungeni. Wogulitsa anawachenjeza kuti mfuti yotere imabwezera paphewa ngati theche la bulu, ndipo munthu akayamba kuiopa amatsinzina powombera, n'kungovulaza nyama kuti ikafere kutali movutika. Anati mfuti yabwino ndi imene mwini wake angathe kuilamula. Anawonjezera kuti njovu za ku Indiana zili kumalo osungirako nyama zoonetsa anthu, ndipo sizisakidwa. Ine ndinawakoka jekete a Hamilton n'kuwauza m'Chichewa kuti tituluke. Anandiyankha kuti nkhani za zida amayi salowerera, ndikhale chete ndisawaembarase pamaso pa alendo. Ine, make mwana, amene ndamulera ndekha m'dziko la eni, ndikhale chete.

Bambo a Kenan ndiwo anapeza njira. Anati tisanagule, bwanji mlenje wa njati ayambe wayesa yawo ya 300, kubwalo loyeserako mfuti kunja kwa tauni. Tinadzera kwawo kukaitenga. Titafika anatipatsa zotseka m'makutu, n'kupachika pepala la chandamale patali. A Hamilton atalandira mfuti anayamba kulimbana ndi kachitsulo kaja, kumangokakoka osakatukula, mpaka thukuta pamphuno. Bambo a Kenan anaona, ndipo ine ndinaona kuti aona. Anangowatsegulira, n'kuwauza kawiri konse kuti aikanikize zolimba paphewa ndiponso diso lisayandikire kagalasi koonera patali kamene kali pamwamba pake. A Hamilton anati asaphunzitsidwe, zimenezi anayamba kale. Anagunditsa diso pakagalasi paja ngati akusuzumira pabowo la kiyi.

Kulira kwake ndinakumva m'mano. Nditatsegula maso a Hamilton anali atakhala pansi, miyendo ili tambalale, magazi akuyenderera kuchokera pansidze mpaka patayi. Kagalasi kaja kanawatema pamwamba pa diso. Pepala lija linalibe bowo ndi limodzi lomwe. Ndipo kumbukirani kuti imeneyi inali yaing'ono, yomwe ankaiderera m'sitolo muja.

Kuchipatala anakana, poti kumeneko kumagwira ntchito anthu a kumpingo kwawo. Anati tiwatengere kunyumba kwa Madalo, ku Indianapolis komweko, akawamange mwakachetechete, popeza ndi nesi. Apa ndiye panavutira. Mwanayo anatsuka chilonda, anachimata, kenaka anafunsa chomwe chachitika. Ine ndinayang'ana pansi. Bambo a Kenan sadziwa kunama, anafotokoza zonse kuyambira kusitolo.

Achimwene, Madalo amagwira ntchito kuchipinda cholandirira anthu ovulala mwadzidzidzi. Sipatha sabata osadula malaya a munthu wowomberedwa, ena a msinkhu wa Sophia wanuyo. Sanakweze mawu. Anavula magulovesi, n'kutiuza kuti iye ndi Kenan anapangana kalekale kuti m'nyumba mwawo simudzagona mfuti, ya Kenan yosakira izikhala yokhomeredwa kwa bambo ake. Anati ngati mwambo wa kwathu ndi wopatsana mfuti paukwati, ndiye mwambowo saufuna, apita kukhoti ndi mboni ziwiri akasayine, zithe. Ndinayesa kumuuza kuti umenewo si mwambo wathu. Anandifunsa kuti nanga iye adziwa bwanji, poti munthu amene watumidwa kuchokera kumudzi kudzaimira mwambowo ndi uyu wakhala apayu.

Ndinabwerera ku South Bend ndikulira ndi ukali msewu wonse. Chimene chikundipweteka si manyazi a kusitolo, amenewo adzatha. Chikundipweteka n'chakuti ndinatha chaka ndikumuuza mwana kuti za kwathu ndi zaulemu, ndi zanzeru, ndiye munthu mmodzi wofuna kutamidwa wazigwetsa tsiku limodzi. Ndipo anazichita poopa kuti tioneka osauka, pamaso pa anthu amene sanatinyozepo n'kamodzi komwe.

A Hamilton mpaka lero sanagonje. Akuti mfuti ya bambo a Kenan ndi yopotoka. Akuti auza wa sitolo kuti awasungire ya njovu ija, ndipo unkhoswe munawapatsa ndi inu, munthu wamkazi sangawauze chochita. Kumpingo akuuza anthu kuti anagunda chitseko cha galaja. Bambo a Kenan anandiimbira kupepesa, ngati olakwa ndi iwo, ndipo pomaliza anandifunsa motsitsa mawu ngati njati zija zinalikodi. Ndinawauza kuti zinali mbewa, ndipo nazonso ankakumba ndi ena, a Hamilton ankangogwira thumba.

Lamlungu lapitali ndinapitanso kwa Madalo. Sindinamunyengerere, ndatopa nazo. Ndinangomufotokozera za chinkhoswe changa pa Mayani. Ndinamuuza mmene bambo athu anakanira nkhwangwa yogula, n'kukhala masiku awiri pachipala kusula yawoyawo ndi chitsulo cha sipuling'i ya lole. Ndinamuuza kuti inuyo ndi amene munaipereka m'manja mwa amuna anga, malemu Shadrick, n'kuwauza kuti mlongo wanu asadzagone m'nyumba yodontha kapena kuphikira mapesi. Ndinamuuzanso kuti bambo akewo anadulira nkhwangwa imeneyo mitengo ya denga la nyumba imene iye anabadwiramo, ndipo pobwera kuno anaisiya kwa inu. Mwanayu bambo ake anamusiya ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chimene ali nacho cha iwo ndi zithunzi ndi wotchi yakufa. Sankadziwa kuti kuli nkhwangwa, ndipo pamenepo wolakwa ndine, sindinamuuzepo.

Nditamaliza, Madalo anati ikabwera nkhwangwa imeneyo, chitenje afunda, pamphasa akhala. Ikapanda kubwera, ndiye kukhoti.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Nkhwangwa ya a Shadrick muwapatse mayi Wanangwa. Ndikudziwa kuti mumaigwiritsa ntchito, ndinaiona kuseri kwa chitseko chanu ulendo watha uja, koma nkhuni zanu mungawaze ndi ina. Mpini muugulule, a pabwalo la ndege amavuta ndi zamitengo. Bambo a Kenan alonjeza kusema wina, ndipo ndawajambulira kale papepala mmene chitsulo chimalowera pamfundo. Musaipale dzimbiri, musainole, ndipo musayerekeze kugula yatsopano pamsika n'kuidetsa ndi mwaye, ndidzaizindikira. Muikulunge m'pepala lolembedwa ndi dzanja lanu, louza a Hamilton kuti chimene adzapereke kwa mkamwini ndi chimenechi, pamodzi ndi khasu ndi chikwanje, za mfuti aiwale. Ine sandimvera, inu adzakumverani. Unkhoswe musawalande, tilibe wina. Adzaime pamaso pa anthu ndi chipsera chawocho, apereke nkhwangwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Sophia ndi amuna ake, kwa azakhali ku Linthipe, ndi kwa mayi athu aang'ono. Iwowa musawauze za mwana wawo, mtima wawo ndi wofooka.

Madalo nayenso akupereka moni kwa amalume ake. Dzulo anandiimbira foni n'kundifunsa ngati pankhwangwapo pali dzina la bambo ake. Anafunsa m'Chichewa, chopindikapindika, koma Chichewa, ndipo sindikukumbuka kuti anachilankhula liti komaliza. Ndinamuuza kuti dzina palibe, koma pali timizere titatu tomwe agogo ake ankadinda pa chilichonse chimene asula, ndipo adzatikhudza ndi chala chake. Ndalonjeza, achimwene. Mwanayu wanamizidwa kale ndi munthu mmodzi wa kwawo, wachiwiri ndisakhale ine.

Ndine mlongo wanu,
Evelina, make Madalo