Jada Wabuluu wa Kinan

Lolemba, 14 Julayi

Matayala anayi okha ndamata lero. Limodzi linali ndi msomali wautali ngati chala changa.

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu mwana wanga Kinan aponda pansi koyamba. Mak, mayi anga, awerenga pa kalendala ya Chijawa, ya kwathu kuno ku chilumba cha Jawa, akuti masiku 245 akukwana ndendende tsiku limenelo, sizisuntha. Ine mtima suli m'malo. Chibadwire mwanayu sanakhudzepo dothi, ndipo pabwalo pathu nkhuku zimayendapo tsiku lonse.

Ntchito yanga: makwerero a nzimbe, masitepe 7. Kakhola ka nsungwi konga kovundikirira tambala, koti mwana akhalemo.

Ntchito ya mkazi wanga Warsini: jada wa mitundu isanu ndi iwiri woti mwana apondepo, kuyambira wakuda mpaka woyera. Jadayo payekha savuta, ndi mpunga womata, kokonati wopala ndi mchere, kuphika ndi nthunzi nkusinja. Chovuta ndi mitundu. Warsini wanenetsa kuti utoto wa m'botolo sulowa m'nyumba muno. Mwezi watha ku ukwati Kinan anatsomphola keke yofiira nkuyamwa, thupi lonse ziwengo, masiku atatu osagona. Azamba anati mwina ndi utoto, mwina ayi. Ine "mwina" sindimamufuna. Mwanayu amayamwa zala zakumiyendo ngati maswiti.

Vuto nlakuti keke ija anaphika ndi Mbak Darti, achemwali anga aakulu, amene amaphikira maukwati onse kuno.

Lachiwiri, 15 Julayi

Mbak Darti anabwera masana ine ndikudya. Nsapato anavulira pakhomo akuyankhula kale.

"Tar, mchimwene wanga, ndamva kuti mkazi wakoyu akufuna kupaka jada ndi masamba. Zoona? Zimatuluka zotuwa zimenezo, ngati nsanza yokolopera. Ine ndili ndi mabotolo asanu ndi awiri, ola limodzi ndamaliza."

Warsini (ndizingolemba W.) anawaikira tiyi, nkuti, "Zikomo Mbak. Ndiyese kaye."

"Yesa Dik, mng'ono wanga, yesa. Kwanu kumapiri kuja mwina sizivuta. Kuno anthu amayamba ayang'ana asanatafune. Kapena ukuti keke yanga ndi chiphe?"

"Sindinatero Mbak."

Ine ndinangopitiriza kutafuna tempe, ndiwo yanga ya soya. Ndikanayankhula. 

Mak ndi amene anagamula. Loweruka ikamakwana 4 madzulo mitundu yonse ikhale itakwana, yooneka bwino. Ikaperewera ngakhale umodzi, Mbak Darti atsegula mabotolo awo nkupanga zonse. W. anavomera osandiyang'ana.

Zaka ziwiri ali pa banja lino, sanapatsidwepo ntchito ina pa mwambo koma kutsuka mbale.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndinachedwa kupita ku ntchito chifukwa choonerera W. akuyesa mitundu. Anayala tizibakuli patebulo, m'kalikonse supuni imodzi ya mpunga.

Wachikasu, mizu ya chikasu ya kuseri kwa bafa. Wobiriwira, masamba a pandani, kusinja nkufinya pa kansalu. Wofiira, chipatso cha naga. Wapepo, mbatata yapepo. Wakuda, mpunga wakuda womwe. Woyera ndi woyera basi.

Sayeza ndi kanthu. Amangoviika chala, kuyang'ana pa kuwala kwa pawindo, kuwonjezera kadontho. Mwana ali m'chiuno pa nsalu, dzanja limodzi lokha likugwira ntchito. Ine kuti ndimate tayala ndimafuna manja awiri ndi bondo.

Ndinamufunsa anaphunzira kuti. Akuti, "Kwathu sitolo inali maola awiri wapansi, Mas, bambo a Kinan. Munthu umayang'ana zimene zamera." Sukulu anasiyira kalasi imodzi ndi ine, koma mutu wake uja ndi wina.

Wovuta ndi wabuluu. Umachokera ku maluwa a telangi, kachomera koyanga pa mpanda wathu. Kamatulutsa asanu ndi atatu, khumi pa tsiku, basi. W. wakhala akuthyola m'mawa uliwonse chiyambire mwezi uno nkumayanika pa lichero. Ine ndinkaona ngati ndi zinyalala, tsiku lina ndinatsala pang'ono kutaya.

Nzimbe ndagula, zofiira zowongoka. Ndakwera ndekha pa sitepe yoyamba kuyesa. Yathyoka. Ndimanganso mawa, mwana ndi makilo 8, ine 61, komabe.

Lachinayi, 17 Julayi

Nsungwi za kakhola ndapala katatu ndi sandipepa. Ndadutsitsa tsaya langa paliponse, palibe kobaya. W. akuti ndikapitiriza kupala patsala mpweya wokha.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndalakwa.

Ndilembe mwa dongosolo. M'mawa W. anawiritsa maluwa onse a pa lichero. Madzi anatuluka abuluu wakuya, okongola, ngati inki. Anawasiya m'mbale yagalasi kuti azizire, mawa aviikemo mpunga. Kenako anapita ku msika ndi mwana kukagula kokonati.

Ine pochoka ku mzikiti ndinaima kwa Lik Kardi, amene amagulitsa khofi pafupi ndi pomwe ndimamatira matayala. Ndinawauza kuti ndikuopa madzi aja angasase pofika mawa ndi kutentha kumeneku. Lik Kardi anati, "Aa, nkhani yaing'ono. Finyiramo ndimu. Ndimu amapha tizirombo tonse, ngakhale nsomba imakhala masiku awiri." Munthuyu sanaphikepo jada m'moyo wake. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinamverabe.

Nditafika kunyumba ndinapeza ntchentche itatera m'mphepete mwa mbale. Basi mutu unasiya kugwira. Ndinadula ndimu, ndinafinya theka.

Ndikuona ndi maso angawa, buluu anathawa. Pomwe pagwera dontho pamatuluka kamtambo kapepo, kakufalikira. Ndinavundula poganiza kuti abwerera. Mbale yonse pepo.

Ndinakhala pansi pa simenti mpaka W. anabwera.

Anaima nthawi yaitali, kokonati ali m'manja. Kenako anati, "Ndimu, eti?"

"Theka lokha, Dik."

"Theka lokha."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandipatsa mwana nkupita kuseri kwa nyumba. Ndinamva madzi akutuluka pa mpopi nthawi yaitali, palibe chimene ankachapa. Atabwerako maso ali ofiira, anatenga supuni imodzi ya madzi aja nkudonthezamo njereza ya Mak yotafunira masamba. Inasanduka yobiriwira ngati madzi a m'dziwe la abakha. Buluu ayi.

Ndiye anati, "Chabwino. Awa akhala a jada wapepo, ndi okongola kuposa a mbatata. Mbatatayo tidya. Mwandichepetsera ntchito imodzi, Mas, mwandionjezera ina."

Mkazi ameneyu.

Akufunika maluwa aawisi 40 kapena kuposa, afike isanakwane 10 m'mawa kuti mpunga uviikidwe mokwanira. Mpanda wathu upereka khumi mwina. Ndinamuuza kuti kwa Mak ndinena ndine. Anati, "Kwa Mak mitundu ikhala isanu ndi umodzi basi, Mas. Sawerenga kuti walakwa ndani."

Loweruka, 19 Julayi

Pa mpanda wathu maluwa 9.

Nditangopemphera m'bandakucha ndinakwera njinga. Ndinazungulira midzi itatu pang'onopang'ono ndikusuzumira mipanda ya anthu, mpaka agalu anayamba kundidziwa. Mayi wina anandifunsa ngati ndasowa mbuzi. Pa mpanda wa manda ndinapeza ambiri, ndinadzaza chipewa, 36. Ndinabwerera ndikuimba.

W. anawanunkhiza, nkufunsa komwe ndawatenga. Ndinanena.

"Phazi la mwana wanga liyambe ndi maluwa a kumanda? Mas, kawasiyeni komwe mwawatenga, mupepesenso eni ake."

Ndinakawasiya. Ndinapepesa. Nthawi 8 koloko.

Pobwera ndinamupeza akupala kokonati, osatukula mutu. Anati, "Alipo malo amodzi. Kuseri kwa khitchini ya Mbak Darti, potsukira mapoto. Ndimawaona nthawi zonse ndikamatsuka mbale."

Ndinapita. Mbak Darti anali pakhonde akusenda anyezi, amuna awo Mas Giyono akukwecha chiphika.

"Wabwera kudzatenga mabotolo? Ndinadziwa ine."

"Ayi Mbak. Ndabwera kudzapempha maluwa a kuseri kuja."

"Tchire lija? Bwanji, katswiri wa masamba zamukanika?"

Ndinafotokoza zonse. Ntchentche, Lik Kardi, ndimu, manda. Mas Giyono analowetsa mutu m'chiphika kuti ndisaone akuseka, koma chiphikacho chinkalira. Mbak Darti anaseka mpaka anapukuta misozi ndi dzanja la anyezi, misozi nkuwonjezeka.

"Ndiye kuti mkazi wako sanalephere. Walephera ndiwe."

"Ndine Mbak."

"Chibadwire uli chonchi iwe! Mas Giyono, uyu ali mwana ankatsuka sopo asanasambire." Kenako analeka kuseka. "Mkazi wakoyo anati chiyani?"

"Anati pepo watuluka wokongola, agwiritsa ntchito."

Mbak Darti anamaliza kusenda anyezi wa m'manja. Kenako anati, "Kathyole. Koma 4 koloko ndikubwera ndi chikwama changa, usaganize kuti zasintha."

Ndinathyola 52. Mbak Darti anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, akuti akuonetsetsa kuti ndisaponde tsabola wawo. Atatu amene ndinalephera kufikira anathyola ndi iwo.

Masana onse ndinali wosinja. W. anandiletsa kukhudza china chilichonse kupatula munsi. Iye amatembenuza jada mumtondo ndi dzanja lonyowa pakati pa kugunda kwanga, mpunga ukutentha, osapsa, osaopa kuti ndimuphwanya zala. Ine ndinkaopa m'malo mwake. Ankangoti, "Gundani Mas, musandiyang'ane."

Mbak Darti anafika 3:30 ndi chikwama. Mak anakhala pa mpando. Pa tebulo mbale zisanu ndi imodzi, iliyonse pa tsamba la nthochi. Wabuluu anali akadali pa moto.

W. atavundukula, nthunzi inabisa zonse.  Itachoka, mpunga unali wabuluu ngati thambo la m'mawa. Titasinja unaderako pang'ono, wosalala, wonyezimira ndi mafuta a kokonati.

Mak anawerenga ndi chala. Zisanu ndi ziwiri.

Mbak Darti anabaya wobiriwira ndi chala, kununkhiza. Anabaya wabuluu, kulawa kachidutswa. Anati, "Mchere wachepa." Ananyamula chikwama osachitsegula nkumapita.

W. analawa naye. Akuti mchere wachepadi, Mbak akunena zoona. Manja ake abuluu mpaka m'zikhadabo.

Lamulungu, 20 Julayi

Bwalo ndinasesa kawiri, nkhuku ndinatsekera. Anthu anadzaza, ena mpaka pa msewu. Mbale zitayalidwa pa mphasa amayi anaunjikana ndi mafoni. Wina anafunsa Mbak Darti kuti utoto umenewu wagulidwa kuti. Sindinamve yankho, ndinali ndikugwedeza makwerero.

Tinamugwira Kinan m'khwapa, ine uku W. uku. Wakuda, anapinda miyendo. Wapepo, anaponda ndi chala chimodzi. Pa wabuluu anaima ndi mapazi onse awiri, nji. Anayang'ana pansi, anawerama, anakumba dzanja lonse nkuponya mkamwa. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja kuti ndimulavulitse. W. anandiponda phazi, nkunong'ona, "Msiyeni adye. Ndi mpunga ndi maluwa."

Anadya. Anthu anaseka, ena kuomba m'manja. Anamaliza mbale zinayi zotsalazo akutafuna. Makwerero sanathyoke. M'kakhola munali pensulo, kagalasi, kabuku ndi ndalama yachitsulo, zoti chimene asankhe chisonyeze tsogolo lake, iye anasiya zonse nkuyamba kuluma nsungwi. Mak akuti adzakhala mmisiri.

Ndayang'ana m'khosi, pamimba, kuseri kwa mawondo kanayi. Khungu lili bwinobwino.

Alendo atachepa ndinalowa m'khitchini kukatenga madzi. W. anali atagwada pa beseni la mbale monga mwa masiku onse. Mbak Darti analowa, anaima pang'ono, kenako anakokera kampando nkukhala pambali pake.

"Zisiye izo Dik, atsuka Tar. Tamva. Mwezi wa mawa ndili ndi mwambo ngati uno, kwa anthu a m'tauni. Mayi wa mwanayo anali pano, waona wabuluu uja, akufuna womwewo. Ndamuuza kuti ndi ntchito ya mlamu wanga." Anakanda pa chigongono. "Maluwa angati pa kilo imodzi?"

W. anapukuta manja pa nsalu pang'onopang'ono.

"Sizinenedwa pakamwa Mbak, mpofunika kuona. Mubwere Lachiwiri ndikuonetseni. Koma mchimwene wanuyu mumutsekere panja, ndi ndimu wake."

Mas Giyono anatsamwa ndi tiyi pakhomo.

Mbak Darti sanaseke. Anati, "Nthawi yanji?"