Mpweya wosaoneka wakaniza amayi chipinda

Aphungu,

Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti munthu amene ndamukwiyirayo sindikumupezera cholakwa. Ine ndine loya. Kupezera anthu zolakwa ndiyo ntchito yanga, ndipo ndimaitha. Koma kwa akazi anga ndagwa nayo.

Iwowa anaphunzira za miyala ndi nthaka kuyunivesite komwe ine ndinkaphunzira malamulo, ndipo ndinawafunsira ndikudziwa bwino kuti mutu wawo umaposa wanga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nzeruzo adzabwera nazo kunyumba. Kuseri kwathu, kumene anthu abwinobwino amadzala maluwa, iwo anazika timapaipi m'nthaka. Amayeza mpweya wina wotchedwa radoni, umene umachokera m'miyala ya pansi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, koma akuti ukaupuma zaka zambiri m'chipinda chotseka ungayambitse khansa ya m'mapapo. Mvula ikayamba, anzathu onse akuthamangira kukaanula zovala pachingwe, iwo amathamangira kutimapaipi. Ndimawasuzumira pawindo atagwada m'matope, nkhope ikuwala ngati atola mphatso, ndipo chamumtima ndimavomera kuti ndinakwatira bwino.

Vuto nali. Nyumba yathu ili potsetsereka, moti ili ndi chipinda chapansi chimene khoma lake limodzi linakwiririka m'nthaka. Chili ndi bafa lakelake ndiponso khomo lotulukira kuseri. Bambo anga atamwalira, pachibale tinagwirizana kuti amayi adzakhale nafe. Amayiwo atachiona chipindacho anachikonda, mpaka anasankhiratu makatani. Akazi anga ndiwo anati tidikire.

"Apongozi abwere ngakhale mawa," anatero, "koma pansipo asagone mpaka ndiyeze nyengo yamvula ndi yozizira yomwe."

Ndinati, "Mayi a mwana, si mwakhala mukuyeza chaka chonsechi?"

"Ndimayeza panja, m'nthaka. M'chipindamo munkangokhala matayala anu akutha. Ndikanayezera ndani?"

Anandilongosolera pang'onopang'ono ngati mwana wa kumkaka. Akuti mpweyawu subwera mofanana tsiku ndi tsiku. Kukauma, nthaka imang'ambika ndipo umathawira m'mwamba. Mvula ikanyowetsa pamwamba, zimakhala ngati wavundikira poto, ndiye mpweya umasaka pouma potulukira, ndipo pouma pamene patsala ndi pansi pa nyumba. Kukazizira, ife eni ake timatseka mawindo n'kuutsekera momwemo. Ngakhale m'mawa ndi masana akuti zimasiyana.

Ine monga loya ndinafuna umboni wangawanga. Iwo atapita kumsonkhano wa kuntchito, ndinatenga kachipangizo kawo koyezera. Ndinatsegula mawindo onse ndi chitseko cha chipinda chapansi chija kuti fungo la matayala lichoke, n'kukaika pawindo masana dzuwa likuswa mtengo, kamphepo kakuwomba bwinobwino. Kanaonetsa nambala yotsika yosangalatsa. Ndinaijambula n'kuitumiza pagulu lathu la pachibale la pafoni, pansi pake n'kulemba kuti nkhani yatha.

Sinathe, Aphungu. Achemwali anga aakulu anayankha pompo: "Ndiye kuti alamu amangonamizira mpweya eti? Anene poyera kuti amayi sakuwafuna. Mpweya wanji wosanunkha, wosaoneka, woti amauona iwo okha?" Wamng'ono anathirirapo kuti ena amapita kusukulu kukaphunzira kukana apongozi mwa sayansi. Amayi anangondiimbira n'kuti, "Mwanawe, makatani aja ukabweze kusitolo. Ine kuno ndili bwino." Ndiye akukhala okhaokha m'nyumba momwe munamwalira bambo.

Akazi anga ataona chithunzicho anayamba aseka kaye. "Abambo, mphepo ya panja mwaiyeza bwino kwambiri." Atawerenga mayankho a alamu awo, kuseka kunatha. Sanakangane ndi munthu. Anaika kachipangizo kaja pakati pa chipinda, n'kutseka chitseko, n'kundiuza kuti podikirapo amayi angathe kugona m'mwamba muno, m'chipinda changa chowerengera. Tangoganizani, Aphungu! M'chipinda momwe muli mabuku anga onse, ndi mpando umene unauzolowera kale msana wanga!

Ndiwanyengerere bwanji akazi angawa kuti afewetse mtima, poti kuwatsutsa ndalephera?

L.W., wa nyumba ya potsetsereka

A L.W.,

Mwalemba kalata yotamanda akazi anu n'kuiveka jekete la dandaulo. Ndafufuza mlandu wa mayiwo sindinaupeze. Wanu ndiye ndaupeza, ndipo ndikudabwa kuti loya wathunthu wandibweretsera yekha umboni womumanga.

Zimene anakuuzanizo n'zoona. Radoni amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula, kuzizira ndi mphepo, n'chifukwa chake odziwa amayeza kwa miyezi ingapo, chipinda chili monga momwe munthu adzakhaliremo. Inu munafunsa mboni imodzi, tsiku limodzi, mutaiuziratu choyankha. Kukhoti mnzanu atachita zimenezo mungamusiye?

Yambirani pomwe munawonongapo. Bwererani pagulu lija mukalembe nokha kuti muyeso uja unali wolakwika, munauchita ndinu, eni chipangizo kulibe, mawindo ali chitsegulire. Musatume akazi anu kukadziyeretsa kwa alamu awo. Achemwali anu ali ndi pakamwa, inde, koma anawerenga zimene munawapatsa inuyo.

Za amayi musathere pafoni. Pitani konko nonse awiri. Amayi anu amva kuti sakufunidwa, ndipo akuti ali bwino chifukwa safuna kupempha malo m'nyumba ya mwana wawo. Mawu okha sangawachotse maganizo amenewo. Chingawachotse ndi chipinda choyalidwa kale, bedi lili momwemo. Choncho mabuku atsikire pansi sabata ino. Mabuku alibe mapapo. Muwaike pamashelefu, kutali ndi khoma lokwiririka lija kuti asachite nkhungu, ndipo mukafuna kuwerenga muzikatenga buku n'kukwera nalo. Mpando wanu nawo sungafe chifukwa chosamukira pabalaza.

Kachipangizo kali pansiko kasiyeni kagwire ntchito yake. Musakatsegulire mawindo poganiza kuti mukukathandiza. Nambala ikadzatuluka yokwera, nyumba sinathe ayi: ming'alu ya pansi imamatidwa, mpweya umapatsidwa njira ya paipi ndi fani youkoka kuti uzitulukira panja, kenako amayezanso. Izi akazi anu akuzidziwa kuposa ine. Chanu n'kuonetsetsa kuti m'nyumbamo musasutidwe fodya, chifukwa fodya ndi radoni akakumana m'mapapo ngozi imakula kwambiri.

Chenjezo langa ndi ili. Nyengo yozizira ikadzadutsa, nambala ingathe kutuluka yotsika ndithu. Tsiku limenelo lilime lidzakuyabwani kuti munene kuti, "Ndinkanena ine." Mudzalilume. Inu munangolota. Iwo anadikira kuti adziwe, ndipo analolera kutchedwa oipa ndi alamu awo pofuna kuteteza chifuwa cha mayi amene sanawabale. Mtima umenewo ndiwo mukuti ndikuthandizeni kuufewetsa? Ine ayi. Kapezeni phungu wina.